Mutu wa Alamu ndi Bandulo Yodikira

Lolemba, 9 Seputembala

Alamu abwera ndi nkhani. Akuti ku saluni ya pafupi ndi depoti, ija ya chitseko chagalasi, akufuna munthu mmodzi woluka tsitsi. Mwini wake, amene onse amangowatchula kuti Madamu, safuna chigulu pakhomo. Wofuna ntchito atumize vidiyo ya mutu umene waluka, isanakwane 12 koloko masana Loweruka.

Nditamva kuti sipafunika kuyankhula, mtima unakhala pansi. Sanalakwitse kunyumba kuno ponditcha Phee.

Mutu ulipo, wa alamu. Foni ilipo, ija anandisiyira achimwene, yosweka pakona. Chosowa ndi bandulo.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Ndapita kwa bambo wa ambulera yong'ambika, wogulitsa mayunitsi. Ali ndi pepala la mabandulo atatu. Yodula kwambiri akuti Mphezi. Ina akuti Pakatikati. Yotchipa akuti Yatonse, mwezi wathunthu, yopanda malire. Pansi pa Yatonse pali timalemba tating'ono ngati nyerere, tam'chizungu.

Ndimafuna kufunsa tanthauzo lake. Koma kumbuyo kwanga kunali anthu awiri ooneka achangu, ndiye ndinapatuka kuti adutse. Kenako anabwera ena atatu, nawonso anadutsa. Nthawi yanga itakwana, bambo aja anangoti, "Iti?" Ndinaloza ndi chala. Ndalama zonse za m'kachitini kanga zathera pomwepo.

Masana ndaluka alamu. Mizere yopyapyala, yokhotera kumanzere, yokakumana pankhongo ngati mitsempha ya tsamba. Sindinalukepo chokongola chonchi. Pojambula ndinawapempha kuti angotembenuka pang'onopang'ono, osayankhula. Anatembenukadi, koma akupereka moni kwa Madamu ndi kufotokoza mbiri yanga kuyambira ndili sitandade 3. Vidiyo yatalika mphindi zisanu ndi imodzi. Ndinachita manyazi kuwauza kuti tibwereze.

Ndatumiza. Pafoni pali kamkombero kakuzungulira.

Lachitatu, 11 Seputembala

Kakuzungulirabe.

Lachinayi, 12 Seputembala

Azakhali akuti ndiike foni m'kapu yachitsulo, netiweki imakonda chitsulo. Yakhala m'kapu m'mawa wonse ngati supuni. Palibe chasintha. Chodabwitsa, zithunzi zawo za maluwa zolembedwa "Mwadzuka bwanji" zimafika bwinobwino mbandakucha, tsiku lililonse, zinayi zinayi.

Alamu akuti vuto ndi kufupika kwanga. Ndakwera pampando. Ndakwera patebulo. Kenako ndakwera padenga la bafa, mkono m'mwamba. Mayi a nyumba yachitatu anandiona, nafunsa chimene ndikufuna pamwambapo. Ndinangoti mphaka.

Tilibe mphaka.

Pofika madzulo anthu atatu anali akuyitana mphaka kuseri kwa nyumba, ine ndikuwathandiza.

Alamu akugona chafufumimba, atamanga duku, kuti mizere isaphwasuke ngati tingafunike kujambulanso. Akuti mutu ukuyabwa. Ndawapeza akukanda ndi bolopeni yanga. Ndawalanda. Anandiyang'ana ngati ndawaluma.

Lachisanu, 13 Seputembala

Tabwerera kwa bambo wa ambulera, alamu patsogolo. Anamufunsa ngati amagulitsa bandulo kapena mankhwala ogonetsa. Bambo aja sanakwiye. Analoza timalemba tija ndi chikhadabo chake chachitali.

Akuti netiweki ili ngati khomo limodzi. Anthu akakhala ochepa, aliyense amalowa. Koma akachuluka, a Mphezi amalowa kaye, kenako a Pakatikati. A Yatonse amapatuka ndi kudikira mpaka onse adutse. Malire palibedi, koma mzere ulipo. Ndiye ife tikukhala pakati pa depoti ndi msika, kumene anthu satha. Mauthenga afupi amazemba m'mphepete, koma vidiyo ya mphindi zisanu ndi imodzi ili ngati munthu wosenza matiresi.

Alamu anaseka mpaka kukhala pa kreti ya zakumwa.

"Phee, mwa mabandulo onse wakasankha m'bale wako."

Nanenso ndinaseka, koma pobwerera sindinayankhule. Izo si zachilendo, ndiye palibe anazindikira kuti ndakhumudwa. Ndimaganiza za vidiyo yanga itaima pakhomo, manja kumbuyo, ikuuza aliyense kuti pitani, pitani.

Kusintha kupita ku Mphezi akuti n'zotheka, koma m'kachitini mulibe kanthu. Foni ya alamu inamira m'ndowa mwezi watha, ikadali mumpunga mpaka lero. Achimwene ali paulendo ndi lole. Bambo aja akuti ndiyese mbandakucha, depoti isanadzuke.

Titafika kunyumba tapeza mayi a nyumba yachitatu atanyamula mphaka wotuwa wa khutu limodzi. Akuti amupeza kumsika, ndi yemweyu? Anali atatuluka thukuta.

Ndinati zikomo.

Tsopano tili ndi mphaka.

Loweruka, 14 Seputembala

Ndilembe zonse manja asanaiwale.

Ndinadzuka tambala asanamalize kulira. Kamkombero kanayamba kudzaza. Kanafika theka. Kanapitirira. Katatsala pang'ono ngati mpata wa mano a chipeso, basi yoyamba inaliza hutala ku depoti, anthu onse a m'dziko muno anadzuka n'kugwira mafoni awo. Kanaima.

Ndinadikira mpaka 11 koloko. Mphaka amandiyang'ana, ine ndikuyang'ana foni.

Kenako ndinatuluka panja. Alamu anali akuchapa, thovu mpaka m'zigongono.

"Alamu, valani nsapato."

"Tikupita kuti?"

"Ndikukutumizani."

Ndinawagwira padzanja. Njira yonse amadandaula kuti avala chitenje chochapira, kuti nsapato ndi zosiyana, kuti anthu aona. Sindinawasiye. Tinadutsa pakati pa mabasi, dzanja lawo likuterera ndi sopo.

Pachitseko chagalasi tinafika limodzi ndi mayi wina wa chikwama chachikulu. Miyendo yanga inayamba yokha kupatuka. Ndinaimva. Ndinaiponda pansi zolimba, n'kunena kuti pepani mayi, ndili patsogolo. Mawu anatuluka ang'ono ngati a udzudzu, koma anatuluka. Mayi aja anaima.

Madamu anali pakauntala, magalasi pamphuno, akuonera mavidiyo a anthu ena. Atamva chimene tabwerera anati ananena momveka kuti munthu asabwere.

"Vidiyo ili m'njira, Madamu," ndinatero. "Koma mutu wafika."

Ndinamasula duku la alamu.

Madamu anadzuka, nagwira alamu pachibwano, kuwatembenuzira kuwindo. Anatsata mzere uliwonse ndi mchira wa chipeso, kuyambira pachipumi mpaka pankhongo. Kuyambira tsiku limene achimwene anawabweretsa m'nyumba mwathu, aka kanali koyamba kuona alamu ali chete. Madamu anafunsa kuti mutuwu wagona masiku angati. Ndinaonetsa zala zinayi. Anayang'ana wotchi yapakhoma. Inali isanakwane 12.

Anandipatsa chipeso chija n'kuloza mayi wa chikwama chachikulu, yemwe ndinamupitirira pakhomo. Akuti tione ngati manjawa ndi angadi.

Ndinaluka. Mayi aja anali ndi tsitsi lofewa lothawa m'zala, koma pofika mzere wachitatu ndinaiwala kuti m'chipindamo muli anthu. Alamu anakhala pabenchi, akudya chingamu cha munthu wina.

Cha m'ma 2 koloko, nditatsala ndi mizere iwiri, foni ya Madamu inalira. Anadina. Saluni yonse inadzaza ndi mawu a alamu:

"Moni Madamu! Uyu ndi Phee wathu. Ali sitandade 3 aphunzitsi atamuuza kuti awerenge, anabisala m'kabati mpaka belu loweruka..."

Oumitsa tsitsi anatulutsa mitu m'makina. Onse amandiyang'ana. Kabati inalipo, pakona, yotsegula, yondikwana bwino.

Ndinaiyang'ana. Kenako ndinagawa tsitsi la mzere wotsatira.

Madamu anaonera mphindi zonse zisanu ndi imodzi, akupukuta misozi pansi pa magalasi. Itatha anaika foni m'thumba.

"Yachedwa, sindiilandira," anatero. "Iwe ubwere Lolemba, 7 koloko."