Bulaki wadya ufa wokanda

Amake Princess,

Pepani, ndalakwa. Ufa wa buledi munakanda uja ndinautsitsa pansi pofuna tebulo, ndiye galu wathu Bulaki wanyambita beseni lonse. Mimba yatupa ngati ng'oma, akudzandira ngati woledzera.

Ndaimbira alangizi a ziweto. Akuti buledi wophika akakhala wochepa sapha galu, koma wosaphika amapitiriza kufufuma m'mimba. Ndamuika m'dengu panjinga, tikuthamangira kwa Tengani komwe kuli alangiziwo kuti akamuone.

Mukabwera kudimba, kauzeni mayi a kutiyirumu aja kuti lero buledi kulibe, chifukwa cha ine. Zondikalipira sungani, ndidzazimva madzulo nditakhala pansi.

Princess akaweruka kusukulu musamulonjeze kuti galu wake achira, pakuti inenso sindikudziwa. Mungomuuza kuti Bulakiyo ali ndi ine bambo ake.

Goodwell