Anandituma Kukaletsa a Desmond Kulalikira

Amayi anga, kodi kumene muliko mukupezako bwanji?

Ife kuno ku Dublin tilipo, ngakhale dzuwa talisowa milungu itatu. Zaka zitatu zakwana chichokereni inu, ndipo ndikudziwa kuti ndachedwa kukulemberani. Nthawi zambiri ndimayamba kalata ndili mu basi popita ku ntchito, koma pofika potsikira ndimakhala nditafufuta zonse.

Ndiyambe ndi za kumudzi. Achimwene a Yohane akuti chimanga chaka chino sichinachite bwino chifukwa mvula inadula chikungomasula kumene, koma soya wa kumunda wanu wa kuseri kwa phiri uja anachitako. Alamu anga anabereka mwana wamkazi mu Febuluwale, ndipo anamutcha dzina lanu, Agnesi. Ndinamuona pa foni. Mphumi ndi yanu yeniyeni. Denga la khitchini yanu linasasuka ndi mphepo, mpaka pano sanafolerebe.

Kuno mdzukulu wanu Tadala wakwanitsa zaka 14 ndipo wandipitirira msinkhu. Ndikamulankhula m'Chichewa amamva zonse, koma yankho limabwera m'Chingerezi. Bambo ake akadali pa ntchito yaulonda ku eyapoti, ndipo mashifiti athu ndi osemphana, moti masiku ena timangopatsana moni pakhomo, wina akulowa wina akutuluka. Nyumba yathu ya ku Tallaght khoma la kuchipinda lachita nkhungu, ndapukuta mpaka ndatopa. Ine ndikadali kunyumba yosamalirako okalamba kuja. Mapepala okhalira m'dziko lino aja, amene kuchedwa kwake kunandilepheretsa kubwera ku maliro anu, anatuluka patatha miyezi eyiti chikuikireni m'manda. Tsiku limene anafika sindinasangalale ayi. Ndinangowaika mu dirowa n'kupita ku ntchito.

Koma chimene chandikhazika pansi lero ndi nkhani ya ku tchalitchi, ndipo palibe wina amene angaimvetse kuposa inu.

Inu munachapa nsalu za paguwa kwathu ku Ntchisi zaka makumi atatu osalandirako udindo uliwonse. Akafuna kukusankhani munkakana, munkati, "Ine mpando wanga ndi beseni." Ine mwana wanu sindinatengere nzeru imeneyo. Chaka chatha, pa msonkhano wa parishi umene umachitika Pasaka ikangopita, anandisankha kukhala wodeni. Mawodeni timakhala awiri, wina amasankhidwa ndi ansembe, wina ndi anthu. Ine ndine wa anthu. Timasunga makiyi, timalandira alendo pakhomo, timaonetsetsa kuti mapemphero achitike mwa dongosolo. Tsiku limenelo ndinanyada, Amayi, sindikubisireni. Munthu amene ndinafika m'dziko lino ndi chikwama chimodzi, lero andipatsa makiyi a nyumba ya Mulungu.

Patangotha miyezi iwiri ansembe athu anapuma pa ntchito, ndipo mpaka lero sanapezeke olowa m'malo mwawo. Ansembe kuno ndi ochepa. Amene akutithandiza ndi a parishi yoyandikana nafe, ndipo ndi mayi. Ndikudziwa kuti mukanagwira pakamwa, koma ndi munthu wabwino, wofatsa. Amabwera kamodzi pa mwezi kudzatipatsa Mgonero. Masabata ena atatuwo mpingo umatsala m'manja mwa ife anthu wamba. Mu ofesi muli mayi wina wolembedwa ntchito, a Hazel, amene amayankha foni ndi kulemba ndandanda ya amene atumikire Lamulungu lililonse. Wodeni mnzanga ndi a Norman, bambo wachikulire wa konkuno. Ndiye panali a Desmond.

A Desmond ndi mlaliki, ngati akatekisti a kwathu aja. Si odzozedwa, koma ali ndi chilolezo cha abishopu chotsogolera mapemphero a m'mawa ndi kulalikira. Chimene saloledwa ndi kudalitsa mkate ndi vinyo. Ali ndi zaka 79, ankakonza mabasi asanapume, ndipo akazi awo anamwalira zaka sikisi zapitazo. Ndi iwo amene anandilandira pakhomo Lamulungu loyamba, ndikunjenjemera ndi chisanu, n'kundifunsa dzina langa kawiri kuti alitchule bwino. Tsiku la maliro anu linali Lachitatu, ansembe anali pa ulendo. A Desmond anatsekula tchalitchi masana, tinakhala pa benchi lakutsogolo ine, bambo a Tadala ndi iwo, foni titaiyedzamiritsa pa buku la nyimbo. Pamene ankakutsitsirani m'manda ku Ntchisi, iwo ankawerenga salimo kuno. Sanakuonenipo ndi kale lonse, koma anakulirani.

Ine ndi amene ndinayamba kuona kuti china chake sichili bwino ndi a Desmond, chifukwa ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Ankabwereza pemphero limene anena kale. Ankaima pakati pa ulaliki n'kumayang'ana pepala ngati walemba ndi munthu wina. Lamulungu lina potchula odwala anapempherera akazi awo, n'kuuza mpingo kuti ali m'chipatala, amene angathe akawazonde. Anthu anangowerama. Potuluka aliyense anawagwira chanza n'kuwathokoza ngati palibe chachitika. Inenso ndinatero. Munkati chilonda chobisa chimanunkha tsiku la alendo, koma ine ndinabisa nawo.

Mu Novembala ndi mmene zinaonekera poyera. Atatha kulalikira sanabwerere pa mpando wawo. Anayenda mpaka kuguwa, pamene panalibe mkate kapena chikho, anakweza manja n'kuyamba kunena mawu aja amene amanena ansembe okha podalitsa Mgonero. Ankawanena bwinobwino, osaphonya ngakhale amodzi, poti awamva moyo wawo wonse. A Norman anandiyang'ana, ine ndinayang'ana iwo. Kenaka ndinachita zimene amayi a kwathu amachita zinthu zikasokonekera pa mwambo: ndinayambitsa nyimbo. Anthu atalandira, ndinapita kutsogolo, ndinawagwira pa chigongono n'kuwaperekeza pa mpando. Anandimwetulira, ndipo anandinong'oneza kuti, "Zikomo, mwana wanga."

Lachiwiri lotsatira komiti ya parishi inakumana, ansembe aja analipo. Anafotokoza kuti chilolezo cha mlaliki chili m'manja mwa abishopu, ndipo kalata yoletsa a Desmond kulalikira idzabwera ndithu, koma sibwino kuti munthu wotumikira zaka zonsezi amve nkhani yotere kuchokera mu envulopu. Anati iwo angathe kupita, koma a Desmond sawadziwa kwenikweni, zingakhale bwino atayamba wapita munthu amene amamukhulupirira. A Hazel anati iwo ndi wantchito chabe, alibe mphamvu yochotsa dzina la munthu pa ndandanda, angouzidwa choti alembe. A Norman anavula magalasi n'kunena kuti, "Ine ndi Desmond tinaphunzira sukulu imodzi. Ndinali mboni pa ukwati wake. Sindingathe." Kenaka onse anatembenukira kwa ine. Wina anati, "Lusiya, inu mumagwira ntchito ndi anthu otere, mumadziwa kalankhulidwe kake."

Ndinafuna kuwauza kuti ku ntchito ndimasambitsa ndi kudyetsa anthu, sindiwalanda chimene chimawadzutsa m'mawa. Koma ndinakumbukira mawu anu aja munkauza achimwene atasankhidwa kukhala wapampando wa komiti ya sukulu, akuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Makiyi ndinawalandira ndikumwetulira. Ndinavomera.

Ndinapita Loweruka masana kunyumba kwa a Desmond ku Crumlin. M'njira monse ndinkapemphera kuti ndikawapeze atasokonezeka, kuti mwina zisawapweteke kwambiri. Mulungu sanandiyankhe motero. Tsiku limenelo mutu wawo unali bwinobwino. Anandizindikira, anafunsa za Tadala, anapanga tiyi, ndipo pa tebulo panali ulaliki wa Lamulungu lotsatira, wolembedwa pamanja masamba atatu.

Ndinazungulira, Amayi, monga timachitira kwathu pokanena uthenga wa maliro. Ndinanena za kuzizira, za kutopa, za kuti munthu amafunika kupumulako. Iwo anaika kapu pansi n'kundifunsa kuti, "Wakutuma ndani?"

Ndinati komiti.

"Norman analipo?"

Ndinati analipo.

Kenaka anati, "Wakhala mu mpingo uno zaka zingati, Lusiya?" Ndinati nayini. Anati, "Ine ndaima kutsogolo kuja zaka 41. Ansembe asanu abwera n'kupita, ine ndili pomwepo. Ndiye lero atuma iwe." Sanakweze mawu. Kukanakhala bwino akanakalipa.

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo, koma anandifunsanso kuti, "Ndinachita chiyani? Usandinamize, ena onse akundinamiza." Ndinawauza za kuguwa. Anapukusa mutu, sankakumbukira. Ndiye ndinawauza za akazi awo, kuti anatipempha tikawazonde kuchipatala. Apo ndi pamene nkhope yawo inagwa. Anayang'ana chithunzi cha mayiwo pa khoma n'kunena kuti, "Ndinatero pamaso pa anthu onse?" Ndinati inde. Anatenga masamba atatu aja, anawapinda bwinobwino pakati, n'kundiuza kuti, "Pita tsopano. Utseke geti, limavuta."

Ndinalira kuchokera pa geti limenelo mpaka pokwerera basi.

Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso m'tchalitchi. Ndinaimba foni kanayi, sanayankhe. Ndinapita kawiri, katani anagwedezeka koma chitseko sichinatseguke. Ku tchalitchi zinthu zikuyenda mwa dongosolo, monga mmene wodeni amafunira. A Norman ndi ine timasinthana kuwerenga mapemphero a m'buku, ulaliki amatitumizira ansembe kuti tingowerenga. Palibe amene amandiimba mlandu. Ena amandisisita paphewa kuti ndinachita bwino. Koma pali amayi awiri achikulire amene kale ankandipsompsona pa tsaya pakhomo, tsopano amangolandira buku m'manja mwanga n'kudutsa. Anthu achepanso, masabata ena sitikwana 30.

Bambo a Tadala amati ndisadzizunze, matenda ndi amene anawachotsa a Desmond, osati ine. Ndikudziwa kuti akunena zoona. Ndikudziwanso kuti tikanawasiya, tsiku lina akanachita manyazi oposa aja. Koma ndimadzifunsabe ngati kunali koyenera kuwauza za akazi awo. Anandipempha kuti ndisawanamize, ndipo inu simunandilere wabodza. Komabe ndikanatha kunena za kuguwa zokha n'kulekera pomwepo. Inu mukanatani, Amayi? Funso limeneli ndi limene ndimasowa nalo kolowera.

Mwezi watha mwana wamkazi wa a Desmond anabwera kudzawatenga. Bambowo anasiya chitofu chikuyaka kawiri, ndiye awapezera malo kunyumba ya okalamba kunja kwa mzinda, kufupi ndi kumene iye amakhala. Nyumba ya ku Crumlin ija aikapo chikwangwani choti ikugulitsidwa. Sabata yomweyo a Hazel anandiitana mu ofesi n'kundipatsa jumbo. Anati mwana wa a Desmond wasiya, akuti bambo ake anakakamira kuti ifike kwa ine, osati kwa wina aliyense. M'katimo munali sikafu yaitali yabuluu imene alaliki amavala m'khosi potsogolera mapemphero, yoyamba kutha m'mphepete, yosita bwino. Munalibe kalata ngakhale kapepala. Ndinagwedeza jumboyo mozondotsa, osagwa kanthu.

Sindikudziwa tanthauzo lake. Mwina akuti, tenga, si ndi zimene umafuna. Mwina akundidalitsa. Ansembe ataiona anandifunsa ngati ndingaganizepo zokaphunzira za ulaliki, akuti maphunziro ake ndi a zaka ziwiri ndipo parishi ikusowa munthu. Sindinawayankhe. Sindingavale chinthu chimene sindikudziwa ngati chinaperekedwa ndi mtima wabwino kapena wowawa, ndipo munthu yekhayo amene angandiuze akuiwala tsiku ndi tsiku.

Ndafufuza kumene a Desmond ali. Ndi mabasi awiri kuchokera kuno, ulendo wa maola awiri. Lachinayi likubwerali ndili pa ofu, ndipo ndikukulonjezani kuti ndipita. Nditenga sikafuyo m'chikwama. Akandithamangitsa ndibwerako, ndidzapitanso mwezi wamawa. Akapanda kundizindikira ndidzawauza dzina langa kawiri, ndikhale nawo pansi, ndiwawerengere salimo. Ndipo akadzandifunsa kuti akazi awo ali kuti, ulendo uno ndidzangowagwira dzanja n'kuwapempha kuti andiuze mmene anakumanirana.

Mundipempherere kumeneko, Amayi, kuti ndisabwerere panjira. Ndimakukondani lero monga kale, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Lusiya