Ma Sorry a M'chipinda cha Makanda

Lolemba, 10 Malichi

Ndikulemba chifukwa ndilibe womuuza. Mwana wanga anabadwa Lachisanu, masiku asanakwane. Wamwamuna. Dzina sitinamupatse. Kamwendo ngati chala changa. Ali m'chipinda cha makanda, pa kabedi ka magalasi, timapaipi ta mpweya m'mphuno. Ife amayi timagona chipinda choyandikana, timangolowa kukakama mkaka m'kapu.

Adokotala akamayendera ana amalankhula Chingerezi ndi ophunzira awo. Ine sukulu ndinalekeza ku pulayimale. Zonse zimangondidutsa. Liwu limodzi lokha ndimalitola: sorry. Aphunzitsi anatiuza kuti umanena ukamuponda mnzako. Basi.

Lero m'mawa adokotala anaima pa kabedi ka pazenera. Kumugwira mayi wa mwanayo paphewa. Sorry. Anesi kuzimitsa makina, kuchotsa timapaipi, kumukulunga mwana mpaka kumutu. Palibe amene anapondedwa.

Mkaka wanga unakana kutuluka mpaka masana.

Lachiwiri, 11 Malichi

Tsopano ndikungolimva paliponse.

Anesi aatali pomubaya mwana kachidendene kuti atenge magazi: "Sorry, sorry, bwana." Ana onse muno amawatchula bwana. Wokolopa akati sorry ndiye kuti kwezani miyendo. Mlonda wa pakhomo akati sorry ndiye kuti simulowa, nthawi yatha, ndipo nkhope yake ilibe chisoni olo pang'ono. Adokotala akapanda kumva zimene wophunzira wanena, amapendeketsa mutu, "Sorry?" Ine mtima phaa! Kuthamangira kuyang'ana kachifuwa ngati kakukwera.

Kakukwera. Mofulumira ngati ka mbalame.

Mayi wa mapasa, amene timagona moyandikana, wandiseka. Ati, "Mnzanga, sorry wa muno ali ngati nsalu. Yomweyo kufunda, yomweyo kuberekera mwana, yomweyo kukulungira maliro. Ukamanjenjemera ndi nsalu iliyonse uyenda maliseche." Ndinaseka, ulusi pamimba kuwawa.

Iye wakhala muno nthawi yaitali. Ati usamvere liwu, uziyang'ana manja. Akamanena manja ali pantchito, palibe kanthu. Woopsa ndi uja amanena manja ali chete.

Sopo watsala kachidutswa.

Lachitatu, 12 Malichi

Apongozi abwera ndi bambo a mwana. Muno abale salowa, amaonera pagalasi la chitseko. Apongozi atangoona timapaipi anagwira pakamwa.

Panja anandikokera pambali. Ati, "Mwana wanga, zimene zija zimayamwa mpweya wa mwana. Amene amuika zimenezo sabwerako." Mdzukulu wa mchemwali wawo anapita choncho. Mwana wa woyandikana nawo nyumba, chonchonso. Ati timutulutse, tikamufunditse kunyumba, akule ngati ana a anthu.

Bambo a mwana akungokanda zomatira pa zala. Iwo ndi akalipentala. Timabokosi ta maliro ting'onoting'ono akhomapo tambiri, tina ta ana ochokera chipinda chomwechi. Ati aliyense wodzagula amanena chimodzimodzi: anali pa mpweya.

Wa pazenera uja analinso pa mpweya. Ndinaona ndi maso anga.

Apongozi si munthu woipa. Ndi iwo anandiperekeza kuno nditayamba kutaya madzi, kundigwira mutu njira yonse. Andibweretsera bulangete lawo lomwe. Nanga ngati akunena zoona?

Lachinayi, 13 Malichi



Ndinafuna ndione ndekha. Masana anesi aatali anali ku mapeto, akusintha thewera la mwana wina. Ndinati ndingochotsa pang'ono, ndione ngati apume bwino popanda. Ndinasolola timapaipi.

Poyamba palibe kanthu. Ndinati, apongozi anena zoona. Kenako pakati pa nthiti panayamba kulowa m'kati. Milomo kuda. Kuda ngati phulusa lonyowa. Timanja kugwa. Makina kulira.

Anesi sindinawaone kubwera kwawo. Anandikankha ndi chigongono, kubwezera timapaipi, kumusisita kumsana. "Tiyeni bwana, tiyeni, musatichititse manyazi." Mtundu unabwerera pang'onopang'ono, kuyambira pamilomo. Kenako kakulira kake kaja ngati kamphaka.

Anandifunsa ngati tinachoka tokha. Ndikananama. Ndinati ayi, ndine. Ndipo pakamwa panga panatuluka sorry. Chichokereni kusukulu sindinalankhulepo Chingerezi kwa munthu. Kaya ndinaona ngati pepani ndi wochepa, kaya ndinafuna chinenero cha eni chipinda.

Ati, "Mayi, sorry wanuyo sapuma. Wopuma ndi uyu." Kenako, "Wakuuzani ndani?" Ndinawauza. Anangopukusa mutu. Ati timapaipi timaikidwa kwa amene wadwalitsa, ena mwa iwo amapitadi, ndiye anthu amati tawapha ndi ife. Ati amene achira sapita kwa kalipentala.

Sanandilembe paliponse. Koma akumandiyang'ana manja.

Mwana wanga, ndinatsala pang'ono.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndawauza apongozi ndi bambo a mwana zimene ndinachita ndi zimene ndinaona. Ndimayesa amva.

Apongozi ati ndiye umboni wake umenewo, amuzoloweretsa ngati chidakwa ndi botolo, akachedwa sadzathanso kupuma yekha. Bambo a mwana anakwiya kuti ndinagwira. Kenako anakwiya kuti ndikutsutsa amayi awo pagulu. Afunsa kale kwa a pawindo lolembetsera odwala, akuti kholo likasaina kuti latenga mwana mwa kufuna kwake, achipatala sakaniza. Abwera Lamulungu ndi galimoto ya mnzawo kudzamutenga.

Ndinawagwira malaya. Ndinati bambo ake, sakafika pa geti. Anandichotsa dzanja bwinobwino, osandiyang'ana. "Sorry, amayi anena kale." Wawo ndi wotseka nkhani, ngati msomali womaliza.

Apongozi potsanzika ati ndikakakamira, mwana n'kupita ali muno, maliro ndi anga ndekha, ndipo pakhomo paja ndisadzapondepo. Sanakalipe. Ankalira.

Kwathu n'kutali. Mayi anga kulibe. Achimwene ali ndi ana awo, chipinda chimodzi.

Mmodzi wa mapasa amuchotsa timapaipi lero, akupuma yekha pachifuwa pa mayi ake. Ndinalakalaka apongozi akanaona. Anali atapita.

Lamulungu, 16 Malichi, m'mawa

Dzulo sindinalembe. Mutu.

Ndinafunsa anesi aatali ngati bambo angasaine okha n'kumutenga. Ati kusaina angasaine, koma mwana wa muno amaperekedwa m'manja mwa mayi ake, ndipo wotuluka naye pakhomo ndi mayi. "Manjawo ndi anu, si anga."

Ndiye sindituluka. Ndalowa nthawi yokama mkaka, ndakhala pa mpando pafupi ndi kabedi, sindinyamuka. Mayi wa mapasa wandibisira buledi m'nsalu. Ati, "Chikhodzodzo chikakuvuta ndiuze, ndikakukodzere."

Afika. Ndikuwaona pagalasi. Apongozi anyamula bulangete lomukulungira. Akundikodola. Ndayang'ana pansi. Sindinayambe ndawakanirapo kanthu chikwatiwireni.

Akugogoda pagalasi. Mlonda akuwaletsa.

Lolemba, 17 Malichi

Dzulo anadikira mpaka dzuwa kupendeka. Mwini galimoto anatopa, kupita.

Anesi aatali anatuluka, sindikudziwa anakambirana zotani. Ndinangoona bambo a mwana akusamba m'manja mpaka m'zigongono, avala chovala chobiriwira chosawakwana. Amuna salowa muno. Analowa.

Ndinaimirira pakati pa iwo ndi kabedi. Anati, "Sindimugwira." Ndinasuntha pang'ono.

Aka kanali koyamba kumuona popanda galasi la chitseko. Anaima nthawi yaitali. Mwana anatambasula kamwendo, kuyasamula, timapaipi tili m'mphuno momwemo. Iwo anati chapansipansi, "Ali ndi makutu a bambo anga." Kenako anafunsa anesi ngati wa pachifuwa uja analinso ndi timapaipi. Mayi wa mapasa anayankha yekha asanafunsidwe, ati, "Achimwene, uyu wayamwa mpweya wa boma kuposa tayala."

Sanaseke. Koma sanasaine.

Panja ndinamva mawu a apongozi, okwera, kenako osweka. Anapita okha. Bulangete anasiya pa benchi, lopindidwa bwino. Sindikudziwa ngati analiiwala.

Bambo a mwana anawatsatira kuti akawakweze basi. Sananene ngati abwera lero. Sananene za pakhomo paja. Chikwama changa cha zovala chili komweko.

Mwana ali muno. Pa sikelo wakwera pang'ono, anesi ati pang'ono pomwepo ndi nkhani. Mpweya autsitsako, milomo ili yofiira.

Za ine ndiziona akatuluka.

Akuitana amayi kukakama mkaka. Kapu yanga sindinatsuke