Nkhata ya Wanangwa

Lolemba, 4 Malichi

Mwana wanga Wanangwa waimba foni kuchokera ku Indianapolis. Akuti anzake a ku India kukoleji amupatsa gawo m'sewero la kwawo. Ndafunsa, ukhala mfumukazi? Ayi, akhala mayi wotapa zimbudzi za olemera, wosenza zonyansazo pamutu. Mwana ndinamubweretsa ku America kuti adzasenze zimenezo?

Lachinayi, 7 Malichi

Shifiti yowawa. Ndasintha matewera a okalamba asanu ndi anayi, msana ukuchita kuyaka. Kumudzi ndi kutchalitchi onse amati ndine nesi wa pachipatala, ine ndimangovomera. Ngakhale Wanangwa sindinamuuzepo zoona. Ndimaopa angachite nane manyazi.

Loweruka, 9 Malichi

Wanangwa watulukira kuno ku South Bend ndi dengu, akuti likumagwa akamapulakitisa. Ndamupindira nkhata ya chitenje. Koma kayendedwe kake, bakha weniweni! Taseka mpaka misozi. Mwana uyu ndimamukonda, abale.

Kenako wandifotokozera, m'Chingerezi chakecho, kuti seweroli likunena za anthu amene ntchitoyi amabadwa nayo. Anzawo sawakhudza, kapu sabwerekana nawo. Ndangoti "oho", n'kuthawira kukhitchini.

Loweruka, 16 Malichi

Sewero lija. Wanangwa, dengu pamutu, wapempha madzi. Bwana akumuthirira m'manja chapatali kuti kapu isamukhudze. Ndinaiwala kuti kuno oonerera amangoti zii ngati pamaliro, sayankha monga kwathu. Ndinakuwa: "Iwe! Zonyansazo n'za ndani? Mpatse kapu!"

Holo yonse cheu. Dengu linagwedera koma silinagwe. Ndachoka osamuona mwanayo. Ndamuyalutsa pamaso pa aphunzitsi ake, ine mbuzi.

Lamulungu, 17 Malichi

Wanangwa ndamupeza akundidikira pakhomo la tchalitchi. Ndisanapepese n'komwe wayamba kuseka, akuti anzake akufunsa ngati ndingadzakuwenso sabata yamawa. Kenako wandigwira manja onse awiri, n'kulankhula Chichewa, chopotokapotoka koma Chichewa: "Amayi, gawo lija ndinapempha ndekha. Ntchito yanu ndimaidziwa kalekale."

Tinalowa m'tchalitchi.

Titaweruka, Mayi a Belinda, tcheya wathu wa chigwirizano, andifunsa mwa masiku onse, "A nesi, kuchipatala kuli bwanji?"

Wanangwa anali atandikolowekabe mkono.

Ndati, "Sindigwira kuchipatala, mayi. Ndimasambitsa okalamba."