Nkhwani Wopanda Chidulo

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno mvula yakhazikika. Mng'ono wanga Esinati anabereka mwana wamkazi ku Chipata, koma sanabwere naye kumudzi. Mtedza tinakolola wochepa chifukwa cha chiswe. Ine ndikuphunzitsabe pa boma. Madzulo ndimaphika repu wokwana mbale imodzi, ndipo ndimadya ndili chiimire.

Nkhani yaikulu ndi ya atate. Chikuikireni m'manda, sikelo ya kuchipatala ikuwapeza atatsika ulendo uliwonse. Anamwino akuti magazi awo akuthamanga, achepetse mchere ndi kapenta, azidya masamba. Choncho Loweruka lililonse ndimapalasa njinga kupita kumudzi ku Zemba kukawaphikira.

Ndimaphika monga ndinawerengera. Ndimasadzula nkhwani wanthete, kumutsuka ndisanadule, kukazinga anyezi ndi tomato m'mafuta pang'ono, kenaka masamba. Mphindi zochepa, ndaphula akali obiriwira. Chidulo sindithira. Mukukumbukira mmene tinkakanganira? Ndinkakuuzani kuti madzi a phulusa amapha mavitamini, inu n'kundifunsa mukuseka, "Kodi mabuku akowo analawapo nkhwani?"

Mabuku sananame, Amayi, ndipo pamenepo sindinasinthe maganizo. Koma atate amatapa kawiri, n'kundithokoza mwaulemu ngati ndine mlendo, n'kusamba m'manja. Sadandaula. Sabata yatha ndinapeza mbale ya Loweruka lapitalo ili chivundikirire pathandala, itachita nkhungu. Masamba osadyedwa sapatsa munthu vitamini ngakhale mmodzi. Zimenezinso n'zoona.

Ndiye ndinayesa kuphika ngati inu. Ndinatapa phulusa la pa mbaula, kulisefa, kutendera ndi nsinjiro. Zinatuluka zowawa, ndinakataya kudzala atate asanaone. Zaka zonsezo ndinkaima pambali panu kukutsutsani, osayang'ana m'manja mwanu. Sindidziwa ngati munkatentha zitsononkho kapena makoko a mtedza, kaya munkathira chidulo chochuluka bwanji. Esinati naye sadziwa. Akuti iye amagula soda. Anzanu amene akanandiuza, wina anakutsatirani, wina anapita kwa ana ake ku Mozambique.

Atate okha ndiwo atsala amene lilime lawo likudziwa. Loweruka likubwerali ndikatentha zitsononkho padera, makoko padera, ndikaphike timiphika tiwiri, iwo akalawe. Chidulocho ndidzathira pang'ono, ndi kuphula msanga. Apo mundilole.

Ndikulonjeza kuti sindileka mpaka atate atamaliza mbale.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Dailesi