Njovu zikundichedwetsera ana, ndipo alekichala akubwera Lachinayi

Aphungu,

Mtima sukukhala pansi. Ndine mnyamata wa zaka 24 wochokera kumtunda, ku Katete. Ndili chaka chomaliza kukoleji ya uphunzitsi, ndipo ananditumiza kudzayeserera ntchito pasukulu ina kuno kuchigwa, ku Nsefu.

Kukoleji anatiphunzitsa kuti phunziro limayamba pa nthawi yake. Kuno belu limalira hafu seveni, ana amafika naini. Akuti njovu zimakhala m'njira mam'mawa, makamaka pano mango apsa. Aphunzitsi akale anazolowera, amangodikira pamthunzi. Ine sindinavutike zaka zitatu kuti ndidzakhale pamthunzi. Ndinaika lamulo mu giredi faivi kuti wochedwa azisesa bwalo. Sabata isanathe, kalasi linayamba kudzaza belu lisanalire. Ndinanyada.

Dzulo kunabwera amayi Esnati, make wa Ennie wa m'kalasi langa, ngakhale moni sanapereke. "Aphunzitsi, njovu inu mumaidziwira m'buku. Wanga watuluka kusanache poopa tsache lanu, wathamangitsidwa, nsapato wasiya komweko. Akapondedwa mudzamulemba kuti wafika msanga?" A Paskale, amene amandiyang'anira, anangoti, "Asiyeni a koleji, akufuna kuika njovu pa taimutebulo."

Vuto ndi ili: Lachinayi hafu seveni alekichala akubwera kudzandiona ndikuphunzitsa. Akapeza mabenchi okhaokha ndilephera, ndibwereze chaka. Ndikufuna lamuloli likhale mpaka Lachinayi lokha. Nanga malo ano adzasintha liti ngati tonse tingogonja?

J.M., Nsefu

Wokondedwa J.M.,

Changu chanu ndachikonda, koma lamulolo lichotseni lero lomwe. Muwauze ana ndi pakamwa panu kuti asanyamuke mpaka akuluakulu atanena kuti njira yatseguka.

Madzulo pitani kwa amayi Esnati mukapepese, ndipo mupite wapansi m'njira imene Ennie amayenda. Mukaione ndi maso.

Kenako pemphani ahedi aimbire foni alekichala kuti abwere teni. Si inu woyamba kutumizidwa kuchigwa. Akakana, phunzitsani ana amene afika, ngakhale akhale asanu, ndipo chifukwa chake muchilembe pa pulani yanu. Alekichalawo akudzaona mmene mumaphunzitsira, sakudzawerenga mitu.

Mukufuna kusintha zinthu? Khalani pansi ndi a Paskale, muwafunse ngati maola otayika m'mawa angabwezedwe masana, kapena ngati ana a mudzi umodzi angamayende pagulu ndi munthu wamkulu. Amakusekani, inde, koma njirazo amazidziwa.

Chenjezo langa: ana amamvera kwambiri mphunzitsi watsopano. Musawatchulire n'komwe za Lachinayi, chifukwa adzanyamuka kudakali mdima pofuna kukusangalatsani. Mukalephera, koleji idzakulandiraninso chaka chamawa. Mwana akapanda kufika, palibe chimene mudzawauze amake.

Aphungu