Tizinyalala pa Maina a Masatifiketi

Ahedi, 09:12
mlamu taonani zimene system yanu ikutulutsa pa certificate. pakati pa dzina la mwana wa eni pali ngâ€™, lina lili ndi Åµ. chilankhulo chanji chimenechi?

Ahedi, 09:13
graduation ya ana a zosoka ndi mawa. onse 84. a printer akuti file ifike by 3 apo ayi tiiwale

Ahedi, 09:31
mlamu??

Mlamu, 09:34
ndili ku ntchito kwanga alamu, kumene amandilipira. ndaona

Ahedi, 09:35
🎤 uthenga wa mawu 2:47

Mlamu, 09:36
mphindi zitatu zonsezi? ndili mu meeting, lembani plz

Ahedi, 09:37
ndimati mwina ndi virus

Mlamu, 09:41
si virus. website ikutumiza maina mu utf8, database ikuwalandira ngati latin1. zilembo wamba zikudutsa bho, koma ŵ ndi kachizindikiro ka pa ng’ zikusweka nkukhala tizilembo tiwiri titatu

Ahedi, 09:42
sindinamvepo kanthu

Mlamu, 09:42
maina sanatayike, ndiwabweza. bola munthu asakhudze system. a sekilitale mwamva?

Sekilitale, 09:44
ndamva madam

Mlamu, 10:52
ndakonza connection, ndayendetsa script. taonani tsopano

Ahedi, 10:55
MAYO INE zanyanya!! pano pakuti ngÃ¢â‚¬â„¢. dzina latalika mpaka lagunda logo ya sukulu

Mlamu, 10:56
eish

Mlamu, 10:56
ndayendetsa chobwerera, zasweka kawiri. backup ilipo, musandiimbire

Ahedi, 10:57
📞 sanayankhe

Ahedi, 10:58
📞 sanayankhe

Ahedi, 11:03
ndiwauza achimwene anu kuti mukundikanira foni

Mlamu, 11:04
auzeni, abwere adzakonze okha

Mlamu, 11:49
zatheka. maina 9 abwerera bwinobwino. lunch yanga yapita chfkw cha inu

Ahedi, 11:53
mwaona nanga! zkm mlamu wanga, mutu umenewo Mulungu ausunge

Ahedi, 12:40
mlamu pepani

Ahedi, 12:41
tamata list pa bolodi kuti ana aone. mtsikana wina ali muno akulira, dzina la bambo ake lasowa chilembo pakati. akuti silikufanana ndi la pa ID, ku fakitale komwe amulonjeza ntchito sakalandira

Ahedi, 12:44
abweranso awiri

Mlamu, 12:58
si script yanga iyi. mizere imeneyi inalibe zinyalala, chilembocho mulibiretu. log, momwe system imalemba zonse zosinthidwa, ikuti inasinthidwa ndi account ya mu ofesi

Mlamu, 12:59
a sekilitale?

Mlamu, 13:10
ndikuona kuti mwawerenga mayi

Sekilitale, 13:14
lero sindinakhudze madam

Mlamu, 13:14
sindikunena lero

Sekilitale, 13:19
ndikaona tizinyalalato ndimatifufuta kuti dzina lioneke laukhondo. pomwe ndikudziwa ndimaikapo chilembo, pomwe sindikudziwa ndimangolumikiza. 9 amenewo anatsala chfkw ndinali ku holide

Mlamu, 13:20
mayi inu!! tizinyalalato NDIYE chilembocho. chosweka ndimabweza, chofufutidwa ndikachitenga kuti ine?

Mlamu, 13:26
ndawerenga mu log. maina 26 a chaka chino. backup sithandiza, munayamba kufufuta zaka ziwiri zapitazo

Ahedi, 13:27
🎤 uthenga wa mawu 4:05

Sekilitale, 13:33
ndamva ahedi. kukalipa konseku pa gulu sikunafunike, mukanangotsegula chitseko, tili ofesi imodzi

Mlamu, 13:35
alamu siyani ma voice. njira ndi imodzi, ma form amene ana analemba pamanja. dzina lililonse tifananize ndi form, tilembenso

Ahedi, 13:36
ali mu makatoni ku store, osasanja. 3 koloko ndi iyi

Mlamu, 13:38
ine zandikwana zedi. mayi, munthu wamkulu ngati inu, mukuona zachilendo pa computer zaka ziwiri osanena? foni yanga muli nayo. uthenga umodzi wokha ndikanakonza mphindi khumi

Sekilitale, 13:45
ndinanena madam

Sekilitale, 13:46
↪ uthenga wa zaka ziwiri zapitazo, Sekilitale: madam pa maina ena pakubwera tizilembo tachilendo, nditani?

Sekilitale, 13:46
↪ uthenga wa zaka ziwiri zapitazo, Mlamu: ndi computer yanuyo. ingofufutani mupitirize, ndili busy

Ahedi, 13:52
mlamu?

Ahedi, 14:01
mlamu mulipo?

Mlamu, 14:06
ndatsanzika kwa abwana, ndili pa njira. alamu apempheni a printer atidikire mpaka 5

Mlamu, 14:07
mayi pepani. makatoniwo musanyamule, ndidzatsitsa ndekha